Ndinadula Nsalu za Esinati

Tsiku limenelo kunkawomba mwera. Unali mwezi wa Juni, m'zaka za boma la atsamunda la Chitaganya. Kuseri kwa nyumba amayi ankasinja mphale, ndipo kudambo ng'ombe zinkalira. Ine ndinali pakhonde ndi makina osokera, mwana wanga Nelia akutola tizidutswa ta nsalu n'kumandiunjikira pamwendo. Ndinatsokomola monga ndinkachitira kwa masabata angapo, koma nditalavula ndinaona magazi. Ndinawafotsera ndi phazi, n'kupitiriza kupukusa makina.

Ndinali mkamwini m'mudzi wina wa kufupi ndi Mkaika. Mkazi wanga Esinati anali atamwalira mu Febuluwale, n'kundisiyira Nelia wa zaka ziwiri. Makinawo ndinamugulira ndili pantchito kutali, kutauni ya Walale, ndipo ndiye anandiphunzitsa kusoka. Chisanu chitayamba, mwana anali ndi kansanza kamodzi kokha. M'bokosi munali nsalu zitatu za mayi wake. Ndinkadziwa bwino kuti za malemu sizikhudzidwa mpaka abale atameta maliro kachiwiri ndi kugawa katundu. Koma Nelia ankadzuka akunjenjemera, milomo itang'ambika, ndiye ndinatenga sizasi. Ndinamusokera timadiresi tiwiri ta manja aatali ndi kajekete. Sankalola kuima kuti ndimuyeze, choncho ndinkamukulunga luzi pachifuwa akadatanganidwa ndi mbatata yootcha.

Magazi aja ndinawabisa masabata atatu. Thupi linkatentha madzulo alionse, ndinkadzuka mphasa itanyowa ndi thukuta, ndipo chakudya sichinkandikomera. Mu Julaye alamu anga a Zakeyo, mlongo wake wa Esinati, anandipeza ndikutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Anayang'ana pansi, n'kuona magazi. M'mawa mwake anandiitanira pabwalo, abale onse atakhala.

"Alamu," anatero, "mwadula nsalu za mlongo wanga maliro asanathe. Chifuwacho n'chake. Tsopano mukufuna mwanayu atsatire amake?"

Ndinayankha kuti mwana ankazizidwa.

Anamuvula Nelia pomwepo. Iye anagwiritsa kajekete kake ndi manja onse awiri, akulira kuti n'kake, mpaka anamutambasula zala. Zovala zonse zitatu anaziponya pamoto iye akuona. Makina anawanyamula kupita nawo kwa a Zakeyo. Apongozi anga aakazi, amene mwa mwambo sitinkayankhulana maso ndi maso, ananena ali kuseri kwa mpanda kuti, "Muwauze asadzayandikirenso mwana."

Ananditumiza kukakhala mumsasa wa kudimba. Chakudya ankandisiyira paphale, pamwala wa m'mbali mwa njira, ndipo masiku ena agalu ankayamba ndiwo kufika. Mphepo ikamachokera kumudzi ndinkamva Nelia akulira, koma sindinkatha kupita. Ndinakhala kumeneko kuyambira Julaye mpaka kumapeto kwa Seputembala. Ndine munthu wopemphera, koma ndiyenera kunena zoona: pang'ono ndinakhulupirira kuti ndalakwira malemu, ndi kuti matenda otere sapita nawo kuchipatala. N'chimene chinandichedwetsa.

Amene ananditola ndi a Yohane, mkulu wa mpingo wathu. Anabwera ndi ngolo, n'kundigoneka pa udzu, chifukwa sindinkathanso kuima ndekha. Tinafika kuchipatala cha mishoni dzuwa litapendeka. Anamwino anandiika pasikelo, anandipatsa kachitini kolavuliramo makhololo, kenako anandiunika pachifuwa. Ndinadikira masiku asanu ndi atatu. Dotolo atabwera ndinamufotokozera za nsalu, kudzera mwa womasulira. Iye anati, "Ichi ndi chifuwa chachikulu, chimabwera ndi tizilombo. Nsalu sidwalitsa munthu. Mukadabwera mu Juni, bwenzi mapapo asanawonongeke chonchi." Anawonjeza kuti zinali bwino kuti mwana anatalikirana nane, chifukwa akadatengera. Mawu amenewo ndawalingalira zaka zambiri.

Masiku a m'chipatala anali ofanana. M'mawa uliwonse jakisoni m'thako, kenako mankhwala owawa ochititsa nseru. Dzuwa likakwera ankatitulutsa pakhonde kuti tiwothere. Lachisanu tinkafola pasikelo, aliyense akuyang'ana nkhope ya namwino kuti adziwe ngati wakwera kapena watsika. Bedi la pambali panga linasintha eni kanayi, ndipo awiri okha anatuluka akuyenda. M'mwezi wachitatu makutu anga anayamba kulira. Kupatula a Yohane, amene anabwera kawiri, palibe wa kumudzi anadzandizonda.

Mvula itayamba kutha, namwino wina anandipeza ndikuyeza m'malere ndi zala. Nditamuuza kuti ndikukumbukira msinkhu wa mwana wanga, anandibweretsera thumba lotha la ufa, singano ndi ulusi. "Sokani, bambo," anatero, "koma mukatopa muzigona." Ndinasoka kadiresi ndi manja, pang'onopang'ono, kwa masabata asanu. Pa muyeso umene ndinkaukumbukira ndinawonjezera zala ziwiri. Asananditulutse anakawiritsa, n'kukasita.

Ndinatuluka mu Ogasiti, nditakhala miyezi khumi. Nditafika kumudzi ndinapeza nyumba yathu itagwetsedwa. Maliro anali atameta ine kulibe.

"Tinakusudzulani kale, alamu," anatero a Zakeyo. "Mwatsata chiyani?"

Ndinati ndabwera kudzaona mwana. Nelia anatulukira kuseri kwa nkhokwe, atavala chiguduli m'chiuno, miyendo ili ndi mphere. Ndinagwada, n'kumuitana dzina. Anandiyang'anitsitsa, kenako anakuwa kuti, "Mzukwa! Agogo, mzukwa!" n'kuthawa. Amayi amene anali pamtondo anaseka. Ndinamva pambuyo pake kuti pofuna kuti aleke kulira, anamuuza kuti atate ake anafa ndipo anaikidwa kuchipatala.

Ndinatulutsa kadiresi kaja. A Zakeyo anakanyamula ndi zala ziwiri, n'kunena kuti, "Kachepa aka. Simudziwa ndi msinkhu womwe wa mwana wanu." Ankanena zoona. Kanali kochepa.

Ndinapita kukakhala kwa mlongo wanga, kufupi ndi Sinda. Mwana ndi wa kuchikazi, ndipo sindinafune mlandu. Chimene ndinkafuna n'chakuti adziwe kuti atate ake ali moyo. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndinkapita kukakhala pansi pa mtengo wa m'mphepete mwa mudzi wawo, ndikusoka ndi singano, osaitana aliyense. Maulendo asanu oyamba Nelia ankangosuzumira patali. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anaponya mwala. Wachisanu ndi chiwiri anabwera, n'kutola batani limene ndinagwetsa, ndipo anandikhudza bondo ndi chala kuti aone ngati ndine munthu. Panapita chaka kuti alole ndimukulunge luzi pachifuwa.

Lero Nelia ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Amakhalabe kwa agogo ake, koma sukulu ikatsekera amabwera kwa ine, ndipo amanditchula atate. Ine sinditsokomolanso. Khutu lakumanzere silimva, ndipo kumunda ndimaweruka dzuwa lisanafike pamutu chifukwa mpweya umandithera. Kawiri pachaka ndimapita kukapimidwa.

Kwa amene mukutsokomola masabata osaleka, mukuwonda, kapena mwaona magazi, ndikuti pitani kuchipatala msanga. Musadikire kuti abale ayambe agwirizana za chimene mwalakwa. Miyezi inayi imene ndinataya ndiyo inandidyera mapapo, ndipo inatsala pang'ono kunditayitsa mwana.

Makina aja akadali kwa a Zakeyo. Iwo ndi apongozi anga sanapepese, ndipo sindiyembekeza kuti adzatero. Kwa zaka ziwiri, ndikafika pa mawu a kukhululukira m'Pemphero la Ambuye, ndinkangotseka pakamwa. Tsopano ndimawanena onse. Ndinawakhululukira.