Buku Limene Ndinabwereka

Anandilanda miyezi khumi ndi umodzi, malo anga ku koleji, mano awiri akutsogolo, ndi buku limodzi limene silinali langa. Za miyezi ndi mano sindinena zambiri. Ndikulemba chifukwa cha bukulo.

Linali buku la bungwe la maliro la anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito ya njanji kuno ku Umtali. Linali lachikuto chakuda, ndipo linkanunkha mafuta a injini chifukwa mlembi wa bungwelo ankagwira ntchito mu shedi ya sitima. M'katimo munali maina 143. Sanali maina a pa chitupa ayi. Ambiri mwa anthu athu anadutsa malire ndi chitupa chogula kapena chobwereka, ndipo ku kampani amadziwika ndi dzina la munthu wina. Dzina lenileni, mudzi, mfumu, boma, ndi m'bale woti adzauzidwe zovuta, zonsezi munthu ankauza mlembi yekha tsiku lolowa m'bungwe. Munthuyo akamwalira, mlembi ankatsegula buku, n'kulemba kalata kumudzi, n'kutumiza sutikesi ndi bulangete la womwalirayo kwa eni ake. Ntchito ya bukulo inali imeneyo basi.

Ine ndinali mwana woyamba wa ku komboni ya njanji kupita ku koleji mumzinda waukulu, ndipo ndinkaphunzira za boma ndi ndale. Ndinkadzimva kwambiri. Potsekera sukulu mu Disembala 1958, mphunzitsi wanga wina, mzungu wachinyamata waulemu amene ankatipatsa tiyi mu ofesi yake, anandipempha kuti ndimuthandize kafukufuku. Ankafuna kudziwa ngati ndale za m'matauni zimayambira m'mabungwe a maliro. Anati ndicheze ndi mamembala, ndimve maganizo awo pa Chitaganya, ndipo aliyense wolankhula momasuka ndimuikire kamtanda pa dzina kuti iye adzamufunsenso yekha. Anatinso pobwerera ku koleji nditenge bukulo adzaliwone.

Mlembi anandikaniza kawiri. Kachitatu ndinapita ndi bambo anga.

"Achimwene," anatero mlembi kwa bambo, ine osandiyang'ana, "buku ili silituluka m'nyumba muno. Ngakhale mayi a ana salikhudza."

"Ndi za sukulu chabe," bambo anatero. "Mwezi umodzi. Likapanda kubwera mudzandifunse ine."

Mlembi anapita kukatenga bukulo. Kenaka analikulunga m'kansalu n'kundipatsa ndi manja awiri. "Mwanawe, muno muli anthu. Usaliike pansi."

Ndinacheza ndi anthu ambiri, ndipo khumi ndi asanu ndi awiri analankhula zakukhosi, mlembiyo mmodzi wa iwo. Timitanda ndinatiika ndi pensulo m'buku lenilenilo, chifukwa ndinachita ulesi kukopera maina pa pepala lina. Ndinati ndidzafufuta.

Kumapeto kwa Febuluwale 1959 boma linayamba kugwira anthu a chipani. Ine sindinali wa chipani chilichonse, ndipo sindinaope. Ndinkaganiza kuti wophunzira ndale ali ngati dokotala, amene matenda amangowaona pa ena. Lolemba loyamba la Malichi, masana dzuwa likuswa mtengo, ndinafika pa siteshoni ndi bokosi langa lachitsulo kuti ndibwerere ku koleji. Apolisi awiri ankasecha katundu wa anthu akuda pa geti.

"Vhura," anatero sajeni m'Chishona, akugogoda bokosilo ndi ndodo.

Ndinatsegula. Anakankhira malaya pambali, n'kupeza kansalu kaja. Anawerenga tsamba limodzi akuyendetsa chala, kenaka anaitana mnzake.

"Mabwidi okhaokha, ndi midzi yawo yomwe," anatero, kutchula dzina lonyozera anthu a ku Nyasaland. Ananditembenukira akumwetulira. "Achimwene, sitima ya lero yakusiyani."

Bambo anga anali chapatali pa njanji yachitatu, ndi nyundo yawo yogogodera mawilo. Anaona zonse. Sanasiye kugogoda chifukwa kapitawo anali ataima pambali pawo. Nyundoyo ndinkaimvabe mpaka pamene anatseka chitseko cha galimoto ya polisi.

Anandisunga masiku asanu ndi anayi ku polisi ya m'tauni. Wondifunsa anali mzungu wonenepa amene ankadwala chimfine. Bukulo linali pa tebulo lake, ataikapo kapu ya tiyi.

"Kamtanda kakutanthauza chiyani?"

"Anthu amene ndinacheza nawo pa kafukufuku wa sukulu."

"Munkacheza za chiyani?"

"Za Chitaganya."

"Iwo anati bwanji?"

Iye anamina, n'kupinda kansalu kake kominira mosamala.

"Mnyamata," anatero, "ife takhala zaka tikufuna kudziwa oganiza za ndale ku njanjiko. Tinalipira akazitape, iwo n'kumatibweretsera miseche ya akazi a eni. Iwe watigwirira ntchitoyi ulere, ndiponso umalemba zooneka bwino. Kolejiyo ikuphunzitsadi."

Tsiku lachinayi anafuna kuti ndinene mawu amene aliyense ananena. Nditakana, anayang'ana wotchi yake n'kupita kukadya, n'kundisiya ndi sajeni uja ndi mnzake. Atabwerako anayang'ana pansi n'kulamula kuti wina akolope. Mano aja ndinawataya tsiku limenelo. Sindinatchule mawu a munthu aliyense, ndipo kwa masiku awiri ndinadzimva mwamuna. Tsiku lachitatu ndinamva chifuwa cha mlembi m'selo yoyandikana ndi yanga. Apolisi sankafunikira pakamwa panga. Pensulo inali itanena kale.

Onse khumi ndi asanu ndi awiri anagwidwa. M'mawa wina tinakumana ndi mlembi pa khonde, aliyense atanyamula chidebe cha zonyansa. Anayang'ana milomo yanga yotupa, kenaka anati, "Ndinati usaliike pansi." Mawu ake omaliza kwa ine anali amenewo. Onsewo anawakweza sitima kuwabweza ku Nyasaland. Ena anali atagwira ntchito ya njanji zaka makumi awiri. Akazi ndi ana awo anatsala, ndipo mwezi usanathe kampani inawatulutsa m'nyumba. Ine sakanandibweza kulikonse, poti ndinabadwira ku Sakubva, komboni ya konkuno ku Umtali. Ananditumiza ku ndende ina cha ku Bulawayo.

Za kumeneko n'zochepa. Mlandu sanandizenge. Nyemba zinali ndi anankafumbwe, mabulangete anali ndi nsabwe, ndipo m'nyengo yozizira mkulu wina wa m'chipinda chathu sanadzuke. Alonda ankanditcha Loya. Mmodzi wachikulire ankabwera pa zenera n'kunena kuti, "Loya, tandiwerengere kalata ya mwana wanga, nanga sukulu yakoyo idzakuthandizanso chiyani?" Ndinkamuwerengera. Mphunzitsi wanga ndinamulembera makalata atatu. Anayankha imodzi, mu Julaye. Anati anali wokhumudwa kwambiri, ndipo analankhulapo ndi akuluakulu. Ananditumiziranso buku lonena za ufulu wa munthu, koma woyang'anira ndende analiletsa. Mu Okutobala koleji inandilembera kuti popeza ndajomba chaka chonse, thandizo langa la sukulu laperekedwa kwa wina.

Ananditulutsa kumapeto kwa Januwale 1960. Anandibwezera lamba, nsapato ndi bokosi langa. Ndinafunsa za buku.

"Limenelo ndi katundu wa boma tsopano," anatero kalaliki. "Saina apa."

Ku komboni palibe amene ananditukwana. Akanatero bwenzi zili bwino. Anthu ankayankha moni, kenaka n'kusiya nkhani imene amakamba mpaka nditadutsa. Bambo sanandifunse kanthu. Lamulungu loyamba, titatuluka m'tchalitchi, anati tiyende, ndipo tinafika kumanda.

Anaima pa mtumbira wopanda dzina, wokhala ndi nambala yokha pa kachitsulo. Anali manda a mkulu wina amene ankapaka girizi mu shedi, munthu wosalankhulalankhula amene tonse tinkamudziwa ndi dzina la pa chitupa. Anamwalira ndi chifuwa mu Ogasiti, ine ndili m'ndende. Kuno analibe mkazi kapena m'bale. Bungwe linagula bokosi ndipo nyimbo zinaimbidwa, koma kalata sinalembedwe, chifukwa panalibe wodziwa kolembera. Ena ankati anali wa ku Ntcheu, ena ankati wa ku Dedza. A bungwe analembera mlembi uja kwawo kuti mwina akukumbukira. Iye anayankha mzere umodzi: akanakhala wokumbukira midzi yonse, buku likanakhala la chiyani?

"Kwawo akumudikirabe," bambo anatero. "Akuti ndi mtchona, waiwala kwawo. Sutikesi yake ili pansi pa bedi langa. Ndinati likapanda kubwera adzandifunse ine. Akundifunsa."

Mwezi watha positi inabwera ndi kabuku ka nkhani za dipatimenti yanga yakale. Wina mu ofesi anaiwala kufufuta dzina langa pa mndandanda wa olandira. Ndi ka masamba asanu ndi atatu, pepala losalala, nkhani zabwino zokhazokha. Dipatimenti yapatsidwa chipinda chatsopano cha mabuku. Ophunzira ake apambana pa mtsutso. Pulofesa wina wochokera kutsidya kwa nyanja anadzalankhula za mgwirizano wa mitundu, ndipo pambuyo pake kunali tiyi. Pa tsamba lachitatu pali chithunzi cha mphunzitsi wanga, atanenepako pang'ono. Amukweza pa udindo chifukwa cha zimene analemba zokhudza mabungwe a maliro a anthu a ku Nyasaland mu tauni ina ya njanji. Pansi pake pali mawu othokoza. Akuthokoza akuluakulu a polisi pomulola kuwerenga buku la bungwelo mu ofesi yawo kwa masiku awiri. Za ine pali mzere umodzi pa tsamba lomaliza: wophunzira mmodzi analeka sukulu pa zifukwa za iye mwini.

Ndinawerenga kabukuka pa nthawi ya chakudya ku Paulington, mbali ina ya tauni ino, kumene tsopano ndimagwira ntchito yosanja matabwa. Chakudyacho sindinamalize. Mnzanga wina anandipempha pepala lopichira fodya, ndipo ndinamupatsa tsamba la pulofesa. Tsamba lachitatu ndinalisunga.

Komabe ndinamulembera mphunzitsiyo. Sindinatchule za ndende kapena za mano. Ndinapempha chinthu chimodzi: popeza bukulo analiwerenga, anditumizire dzina lenileni ndi mudzi wa mkulu wopaka girizi uja. Ulendo uno anayankha sabata isanathe. Anayamba ndi mawu akuti bwenzi langa lokondedwa. Anati maina sanakopere ngakhale limodzi. Anangowerenga kuti ochokera m'boma lililonse alipo angati, ndipo anachita dala zimenezi pofuna kuteteza anthuwo. Anawonjezera kuti ngati ndikufuna ntchito ya ukalaliki, angandilembere kalata ya umboni.

Pofuna kuteteza anthuwo! Anakhala masiku awiri mu ofesi imene anakolopamo magazi anga, timitanda timene anandituma tikumuyang'ana m'maso, ndipo anatuluka ndi ziwerengero. Sanafunse kuti buku libwezedwe kwa eni ake. Sindikudzichotsa pa mlanduwu. Pensulo inali yanga, ulesi unali wanga, ndipo mlembi anandichenjeza. Koma tinalakwa awiri. Wina anachoka mano, wina ali pa tsamba lachitatu.

Amati tsopano ndine mfulu, ndipo n'zoona. Ndimayenda kuchokera ku Sakubva mpaka ku Paulington popanda wondigwira mkono, bola chitupa chili m'thumba. Ndinkaganiza kuti ufulu ndi mutu wa mayeso, wolembedwa masamba anayi. Tsopano ndimaudziwa kuti ndi Lamulungu masana, pamene ndingathe kugogoda pa khomo lililonse limene ndafuna, ndipo mwini khomolo angathe kunditsekera. Ndinagula buku latsopano. Limagona kwa mlembi watsopano, ndipo ndikalitenga iye amayenda nane. Timapita khomo ndi khomo kupempha anthu kuti anenenso maina awo enieni ndi midzi yawo. Ena amanena. Ena amauza mlembi yekha, ine nditaima panja. Ena amakana.

Mayi wina amene mwamuna wake anabwezedwa chifukwa cha kamtanda kanga, ndipo tsopano amagona ndi ana anayi m'khitchini ya mlamu wake, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Wabwera ndi pensulo yako ija?"

"Ndi inki, mayi."

"Inki ndiye safufuta n'komwe. Pita, mwanawe, ndisanalankhule zambiri."

Ndinapita. Ndidzabwereranso.

Mpaka Lamulungu lathali talemba maina 112. Atsala makumi atatu ndi limodzi. Makumi atatuwo ndi a anthu amoyo, ndipo mwina tsiku lina mkwiyo wawo udzazizira. Limodzilo mwini wake sadzalinenanso. Lili m'kabati ya apolisi, pa tsamba limene mphunzitsi wanga anatembenuza ndi chala chake, ndipo sutikesi idakali pansi pa bedi la bambo. Dipatimenti ikadzasindikizanso kabuku ka zopambana zake, iwonjezepo mzere umodzi pa tsamba lomaliza, pafupi ndi wanga uja: kwa bungwe la maliro la ku Umtali, sitinabweze maina makumi atatu ndi limodzi.