Ndinatsala Pang'ono Kutentha Nsalu za Mwana Wanga

Inu owerenga, ndinatsala pang'ono kumangitsa mwana wanga ngati wamisala chifukwa cha zinthu zimene sindinazimvetse. Ndine mayi wa ku Chiwanga, ndimayanika usipa. Mwana wanga wamwamuna anakaphunzira zojambula ku Maputo, ndipo anabwerera bambo ake atamwalira. Pamaliro sanalire. Titaika, anadzitsekera m'chipinda ndi nsalu zojambulapo ndi zitini za tinta, penti wake uja wojambulira.

Ine ndinkayembekezera kuona nkhope ya bambo ake, kapena bwato lawo. Nditasuzumira ndinapeza chinsalu chachikulu ngati chitseko: kumwamba kofiira, kunsi kwakuda, pakati kamzere kotuwa. Munthu panalibe, nsomba panalibe. Anzanga a pathandala anati ndi chamba, ena anati amulodza. Ndinapangana ndi atsibweni ake kuti timutengere kuchipatala ku Lichinga, ngakhale chomumanga, koma ine ndiyambe ndatentha nsaluzo.

Mwanayo anandipeza ndikuzikokera panja, machesi ali m'manja. Sanakalipe. Anangotsamiritsa imodzi pakhoma, n'kundiikira mpando pafupi kwambiri.

"Amama, khalani apa muyang'ane kaye. Musafunefune chinthu ayi. Mukatopa, mutenthe."

Ndinakhala monyinyirika. Poyamba ndinangoona tinta basi. Kenaka ndinazindikira kuti kufiirako sikunali kumodzi. Anapaka kwina pamwamba pa kunzake, pena kowala, pena ngati magazi ouma. Kudako kunkaoneka ngati kukukwera kuti kumeze zonse, kamzere kaja n'kumakaniza. Chifuwa chinandilemera monga tsiku loika maliro, misozi n'kuyamba yokha.

"Mwawaona ababa?" anandifunsa.

Ndinati ayi, koma ndaona mmene mumtima mwanga mulili chichokereni iwo. Apo mpamene anandiuza kuti mawu anamukanika, misozi inamukanika, ndiye ankalira ndi tinta. Tinalira limodzi tsiku limenelo. Atsibweni atafika ndi chingwe anatipeza tikudya chinangwa, anabwerera nacho mwamanyazi.

Mwana wanga ali bwinobwino, akujambulabe. Zina sindizimvetsa mpaka lero. Pali ina yachikasu chokhachokha imene imandiseketsa, ndipo ndimamuuza. Koma ndikaganiza kuti ndikanamangitsa mwana wolira bambo ake, ndimathokoza Mulungu kuti sindinatero.

Makolo anzanga, mwana akapanga chinthu chachilendo musathamangire kwa anansi kukafunsa tanthauzo. Iwo sakumudziwa kuposa inu. Khalani pansi, muyang'anitsitse, mumufunse mwiniwake asanaleke kukuuzani.