Mota yanu yapsa, wolangidwa ndine

Inu a sitolo ya makina a matabwa ku Midland, mwandiimitsira maphunziro oyendetsa galimoto, ndipo lero mumva.

Ondidziwa pa gulu lathu lino la pa intaneti, musayambe kuseka. Inde, ndine Yami wa ku Armadale kuno kutsidya kwa nyanja, yemwe uja anathira madzi a therere m'botolo la sanitaiza, amayi a mvano n'kumapaka m'manja mwaulemu. Ndine ndithu, ndipo therere likapezeka ndibwereza. Koma mota ija sindinaikhudze.

Nkhani yake ndi iyi. Amami amafuna mtondo. Chigwada chogaya pa makina akuti chimakhala ngati phala la mwana. Azakhali anayenera kubwera nawo kuchokera ku Lilongwe, koma malire anatsekedwa ndi korona. Ndiye adadi anati tisema tokha. Anagula leyithi yakale, makina aja ozungulitsa chipika iwe n'kumasema, koma inalibe mota. Mnzawo wa kuntchito anawapatsa chipika cha jara, mtengo wofiira wa kuno wolimba ngati mwala. Tinachinyamula awiri, ine msana mpaka lero.

Loweruka m'mawa tinapita ku sitolo yanu. Tinasikana foni pakhomo, tinavala masiki, tinaima pa mzere wa pansi ngati ana a sukulu ya mkaka. Anatilandira mkulu wina wa ndevu zotulukira m'mbali mwa masiki. Dzina sindilitchula, tingoti a Ndevu. Adadi anawaonetsa chithunzi cha chipika, ine nditaima pambali pake kuti kukula kwake kuoneke. Anafotokoza kuti ndi jara. Anabwerezanso kuti ndi jara. A Ndevu anayang'ana chithunzicho ngati munthu woyang'ana nthawi, n'kuloza kamota ka mphamvu ya hafu hosipawa. Akuti iyi imakoka chilichonse, bwanawe, musavutike ndi zazikulu.

Ine ndinati, "Adadi, kameneka si kofanana ndi ka makina ochapira?"

Adadi anati, "Iwe, akuluakulu akamayankhula umakhala chete. Ntchito yawo ndi imeneyi."

Chabwino. Ntchito yawo ndi imeneyi.

Kunyumba tinamanga mota, tinakoka lamba, tinakweza chipika. Adadi atayatsa, kamota kanayamba kung'ung'udza ngati munthu wodzutsidwa kuti akalime. Chipika chinazungulira mwa ulesi. Atangogunditsa chisemero, zii, chaima. Anayesanso, chimodzimodzi. Kenaka foni yawo inaitana, analowa m'nyumba, ine ndinatsala m'galaja. Mota inali itazimitsidwa, koma fungo la waya wopsa linali litadzaza kale, utsi ukutuluka pang'onopang'ono. Adadi pobwerera anapeza utsi ndi ine. Inuyo mukanaganiza chiyani?

Lolemba tinabwerera nayo. A Ndevu anainunkhiza, anapukusa mutu, n'kunena kuti mota zawo sizipsa zokha, pali wina waseweretsa. Kenaka anafunsa ngati pakhomo pali mwana wokonda kugwiragwira zinthu. Akufunsa choncho maso ali pa ine. Bambo inu, mumandidziwira kuti? Munaphunzira za mota kapena zaulosi?

Adadi anangotembenuka, tinatuluka m'sitolomo. M'galimoto ndi momwe anati, "Kuyambira lero chiwongolero uchiiwale. Woononga mota sangasunge galimoto." Chikwangwani changa cha L anachichotsa okha, n'kuchiponya m'buti. Titafika kunyumba, mlongo wanga Chisomo anaseka mpaka kutsamwa. Amami anangoti, "Mwana iwe, ngakhale mtondo wanga womwe?"

Ndinalumbira. Palibe anakhulupirira. Chisomo akuti ndinalumbiranso chimodzimodzi tsiku lomwe foni ya adadi inalira ngati mbuzi pakati pa mapemphero a pa intaneti. Zoona, koma ija inali mbuzi, iyi ndi mota.

Ndiye ndinachita zomwe ndimatha. Mawa lake, adadi akumwa tiyi asanapite ku shifiti, ndinaika foni pa tebulo, ndinakweza mawu, n'kuimbira sitolo yanu. Ndinayankhula ngati nkhalamba ya kuno yomwe yakhala ikusema matabwa chibadwire, kutsokomola ndi kupuma komwe. Anayankha ndi a Ndevu amene. Ndinati ndili ndi chipika cha jara chofika m'chiuno, ndikufuna kuchikweza pa leyithi, kodi hafu hosipawa ikwana?

Anaseka. Akuti bwana, musayese n'komwe. Akuti jara wotero amafuna mahosipawa awiri kapena kuposa, ndipo azungulire pang'onopang'ono. Akuti kamota kakang'ono kamalephera kukoka, kamatentha, kamapsa tiyi wanu asanazizire. Anawonjezanso kuti aliyense wodziwa matabwa amadziwa zimenezi.

Aliyense! Ndiye Loweruka lija munali mutaiwala? Kapena nzeru zanu zimatuluka mukamva mawu a nkhalamba ya kuno, zikamva mawu a adadi n'kubwerera m'ndevu?

Adadi anaika kapu pansi. Ndinadikira mawu oti pepa. Anati, "Mawu amenewo unawaphunzira kuti?" Kenaka, "Vala nsapato."

Ulendo wachitatu. A Ndevu atationa anakumbukira mwadzidzidzi kuti kumbuyo kuli katundu wofuna kusanja. Anabwera manejala, mayi wa mawu ozizira, n'kuima kuseri kwa pulasitiki yotchinga. Adadi anandigunda ndi chigongono, "Auze iweyo." Ndinawauza zonse, mpaka ndinabwereza mawu a nkhalamba ija pamaso pawo. Kasitomala wina kumbuyo anaseka, manejala ayi. Akuti ndi zachisoni, koma kuika mota yaing'ono pa chipika chachikulu ndi kugwiritsa ntchito molakwika, ndiye sangabweze kapena kusintha.

Mwamva? Atigulitsa yaing'ono ndi iwo. Olakwa poigwiritsa ntchito ndife. Tikanaiika pa chiyani, pa shelefu ngati maluwa?

Pobwerera ndinafunsa za chiwongolero. Adadi akuti nkhani ya mota ikatha tikambirana. Ndiye mwaona, a sitolo, laisensi yanga ili m'manja mwanu.

Ndiyankheni. Munthu amene anaona chithunzi n'kuloza hafu hosipawa ndani? Amene ananamizira mwana wa eni ake ndani? Mota ya mahosipawa awiri mutipatsa liti?

Amalume ndi azakhali a pa gulu lino, mukamakagula mota musangoonetsa chithunzi. Nenani mtundu wa mtengo, kulemera kwake, ndipo wogulitsayo abwereze yankho lake pamaso pa mboni.

Inu a ku Midland, nkhalamba ija ndi imodzi chabe mwa anthu omwe ndimatha kuwatsanzira. Ndili ndi mayi wolusa wa ku Bentley, ndili ndi m'busa wosamva bwino, ndili ndi mkulu wofunsa mtengo wa msomali uliwonse payekhapayekha. Sukulu tatsekera, galimoto sindikuyendetsa, nthawi ndili nayo yambiri. Foni yanu ikaitana mawa, yankhani mwaulemu.