Tsache limene ndinakana

Amai Tembo, lero ku Chifubu ndimalandira anthu atsopano odzipereka kuthandiza gulu lathu la achinyamata. Monga munatizoloweza, ndinayamba ndi kuwapatsa matsache kuti tisese holo ana asanafike. Bambo wina anangoti, "Ba madamu, ine ndabwera kudzaphunzitsa, osati kudzasesa." Ndinachita ngati ndikudzimva ndekha, manyazi n'kundigwira.

Mukukumbuka tsiku langa loyamba? Ndinafika nditatchena zakuofesi, ndipo ndinakuyankhani chimodzimodzi pamaso pa anthu onse. Inu simunakwiye. Munawerama ndi msana wanu wovuta uja n'kusesa mpaka pamene ndinakhala. "Kwezani miyendo, mwananga," munatero. "Mwana sauza mavuto ake munthu amene sanamuonepo atawerama." Ine ndinakwezadi miyendo, maso ali pa foni. Zaka zonse zimene tinagwira ntchito limodzi ndinkangoti ndidzapepesa mawa, mpaka tinakuikani m'manda ndisanatsegule pakamwa.

Bambo aja sindinawakalipire. Ndikanayambira pati ine? Ndinangotola tsache, n'kusesa mpaka pa nsapato zawo, misozi ili m'maso. Pepani amai, ndawerama mochedwa.