Nthambo za Atate pa Msewu wa ku Ndola

Tinanyamuka kwathu ku Wusakile Loweruka seveni koloko m'mawa, ine ndi atate, pa kagalimoto kanga kakale. Tinkapita ku Chipulukusu, ku Ndola, kukatsazikana ndi azakhali, mlongo wawo wa atate, amene ankabwerera ku Malawi kukakhaliratu. Basi yawo inkanyamuka thwelofu koloko. Onse awiri ndi okalamba, ndipo ngakhale panalibe wonena poyera, tinkadziwa kuti mwina uku n'kuonana komaliza.

Msewu unali phee, kupatula mathiraki onyamula mkuwa amene ankatidutsa ngati taima. Titafika pamphambano ya ku Luanshya, atate anaona mayi akuotcha chinangwa.

"Taima kaye, mwanawe. Azakhali ako amakonda chinangwa ndi mtedza."

Tinagula cha teni kwacha. Koma nditapotokola kiyi, galimoto inangoti kha, basi. Kachiwiri, kha.

Nditatsekula boneti, atate anangokhudza nthambo ya batire, iyo n'kuthothoka. Inali itadyeka ndi asidi, mkati muli ufa wobiriwira wokhawokha. Inzake nayo inkangogwira ndi tiwaya titatu.

"Ndikwere minibasi ndikagule zatsopano m'tauni," ndinatero.

"Pobwera upeza basi ya azakhali ako itanyamuka kale, ili ku Kapiri. Tenga sipanala unditsate."

Atate anagwira ntchito ya zamagetsi mumgodi mpaka kupuma. Anandilondolera kwa bambo wina wowotcherera mageti pansi pa mtengo wa mango.

"Mwashibukeni, ba shikulu," anatilonjera m'Chibemba bamboyo.

Atate anamuyankha m'Chibemba chomwecho, n'kupempha nthambo yakale yowotcherera ndi kachidutswa ka paipi ya mkuwa. Bamboyo anati thu handiredi. Atate anaipinda nthamboyo, n'kuiyang'ana ngati nkhuku yodwala, mpaka mtengo unatsika kufika wani twente.

Manja a atate amanjenjemera masiku ano, choncho hamala imene tinabwereka kwa bamboyo anandipatsa ine. Anadula nthambo pawiri, n'kusenda nsonga zake. Nsonga iliyonse tinailowetsa m'kapaipi, ine n'kumamenya mpaka kapaipiko kataphwatalala n'kuluma waya.

"Usamenye ngati ukusinja," anatero. "Pang'onopang'ono, mkuwa ndi wofewa."

Wowotcherera uja anatiboolera mabowo a mabawuti, tinakulunga tepi, yofiira kwina, yakuda kwina. Atate anatsuka mitu ya batire ndi madzi otentha a mayi wa chinangwa, n'kundiuza kuti ndimange yofiira kaye, yakuda pomaliza.

Teni koloko itangodutsa ndinapotokola kiyi. Injini inalira kamodzi n'kamodzi. Mayi wa chinangwa analulutira, atate n'kungotseka boneti ngati palibe chachitika.

Tinalipira twente kwacha pageti la msonkho, n'kulowa mu Ndola. Ku Chipulukusu tinapeza azakhali atakhalira chikwama pakhonde, atavala kale duku la paulendo. Anayang'ana manja a atate akuda bii ndi girizi.

"Achimwene, mwabwera kudzanditsazika kapena mukuchokera kumgodi?"

Atate anafuna kupukuta kaye, koma azakhali anawagwira manjawo momwemo, osawasiya. Anakhala choncho pakhondepo pafupifupi ola lathunthu, akutchulana mayina a anthu amene ine sindinawaonepo. Ndinawasiya okha, ndikulongedza katundu m'galimoto.

Kunyumba timakonda kuwauza atate kuti akhale pansi apume, poganiza kuti ndiye ulemu. Tsiku limenelo ndinaona kuti chimene chatopa ndi manja okha. Chikhala kuti ndinawakhazika pamthunzi n'kukwera minibasi, mlongo wawo akanapita osawagwira dzanja.