Nyumba Yosafuka Utsi ya a Teresinha

Kwa a Kanduku mukafunsa nyumba ya a Teresinha, adzakulozerani mtengo wa manachesi. Nyumbayo ndi yaudzu ngati zinzake, koma mtengo waukulu wotsala pachitunda chonsecho ndi umenewo. Ina yonse inasanduka makala n'kukwera njinga kalekale.

A Teresinha anafika kuno ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atagwira chitenje cha mayi awo pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Mayiwo ndiwo anadzala mtengowo. Nkhondo itatha anzawo anabwerera kwawo, mayiwo anati sangasiye mtengo usanabale. Unabala, iwo n'kumwalira, ndipo a Teresinha anakwatiwa ndi a Timoti, munthu wabwino ndithu koma wamimba yosamva malangizo.

Vuto la a Timoti linali nyemba. Tsiku lopanda nyemba ankati agona ndi njala. Tsono nyemba zimadya nkhuni mopanda chisoni, ndipo nkhunizo zinali zitathawira kutali, ulendo wa m'mawa wonse. Mawondo a a Teresinha atayamba kukana, a Timoti anatulutsa nkhwangwa n'kumainola pansi pa mtengo womwewo.

"Mayi a Liness, mtengo uwu ungatiphikire miyezi iwiri," anatero osawayang'ana kumaso.

Mtima unawapweteka a Teresinha, koma sanakangane nawo. Anakumbukira mmene mayi awo ankaphikira kutchire, kumene utsi unkaitana asilikali. M'bandakucha anaika nyemba zoviika dzulo pa tinkhuni titatu. Zitawira bwino anazimitsa moto, anakulunga mphika m'bulangete lakale, n'kuukwirira m'dengu la masamba ouma a nthochi pamodzi ndi wa chinangwa. Pobwera kumunda masana anapeza zonse zitapsa zokha. A Timoti anadya, anayang'ana dengu, n'kudyanso.

Koma mudzi uli ndi maso. Kuno nyumba yosafuka utsi masana ndiye kuti muli njala, ndipo tsiku lachinayi amayi a kutchalitchi anatulukira atasenza ufa, patsogolo pali a Dyna, amene nkhani ya mnzawo saigonetsa.

"Mukanatiuza, anzathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," anatero a Dyna. Kenako anatembenukira kwa a Timoti. "Inu bambo, nkhwangwa muli nayo, mtengo uli apa, akazi anu osasonkha moto?"

Manyazi anawagwira a Timoti mpaka m'makutu. Anadzuka, anatola nkhwangwa, n'kulavulira m'manja.

"Yambani mwadya, bambo a Liness," anatero a Teresinha akuika dengu patsinde penipeni, pomwe nkhwangwa inayenera kutera. Atavundukula, fungo la nyemba linawakhazika pansi alendo onse. A Dyna anagwira mphika kuti aone ngati si matsenga, ndipo unawaotcha chala.

"Nzeru imeneyi mwaitenga ku bungwe liti?" anafunsa akupemerera chalacho.

A Teresinha anayang'ana mtengo. "Kwa amene anadzala uwu. Iwo ankabisa utsi kuti mfuti zisatipeze. Ine ndatsala ndi mtengo wawo basi."

A Timoti anakabwezera nkhwangwa kuseri kwa nkhokwe. Amayi aja anabwerera ndi ufa wawo, aliyense atapanira masamba a nthochi kukhwapa. Chaka chimenecho mtengo unabala mpaka nthambi kulendewera pansi, ndipo amene anadula mphanda zozichirikiza ndi a Timoti.