Zitsekerero za Dyness

Mu 1987, Dyness Shaba analephera mayeso a JC kachiwiri. Amalume ake amene ankamuphunzitsa anangoti, "Mbwenu, sukulu yathera pano." Pepala lokhalo limene linali m'chikwama chake linali khadi la chipani.

Ntchito imene anaipeza inali yosesa m'sitolo ina yaikulu pa boma la Mzimba, kumene eni magolosale a ku Jenda, Champhira ndi Euthini ankapikula katundu. Anzake akusukulu akamadutsa, iye ankabisala kuseri kwa matumba a mchere. Sindikubisirani, mtsikanayu analira miyezi ingapo.

Koma Dyness anali munthu wosakhazikika. Akamaliza kusesa sankatha kukhala pansi. Ankangozungulira pakhonde, makutu ali tcheru, mpaka anaona chinthu chimene makalaliki ophunzira a m'sitolomo sankachiona. Munthu akapeza katundu n'kugula, kalaliki ankalemba. Akapeza katundu watha, palibe ankalemba. Munthuyo ankangokwera njinga yake n'kumapita akudandaula.

Zimenezi zinkamusowetsa mtendere. Anatola zitini zakale n'kuzilemba mayina: makasu Euthini, sopo Jenda, parafini Champhira. Munthu akabwerera chimanjamanja, Dyness ankaponya chitsekerero cha botolo m'chitini cha katundu amene wasowayo. Mwezi ukatha ankamanga zitsekererozo pakansanza n'kulembapo mwezi.

Makalaliki ankamuseka. "NyaShaba wayamba kusewera bawo wayekha." Iye sankayankha. Anachita zimenezi zaka zinayi popanda womuyamika.

Mu 1991 mwini sitolo anatumiza kompyuta kuchokera ku Lilongwe. Ankaifunditsa chitenje poopa fumbi, ndipo Dyness ankaloledwa kusesa pakhomo pokha. Makinawo ndiwo tsopano ankanena katundu woti aitanitsidwe, komanso woti akwere lole yokapereka m'magolosale.

Manijala, bwana Lyson Kachingwe a ku Dedza, analengeza kuti kutha kwa Okutobala anthu atatu achoka. Dzina la Dyness linali loyamba. Makalaliki aziti akasowa chochita, azisesa okha.

Masabata amenewo Dyness ankayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Mantha anali nawo, ndithu. Kumudzi akabwerera ndi chiyani?

Kenako linafika tsiku lopakira lole ya ku Euthini, ulendo womaliza mvula isanawononge msewu. Anaona shuga akukwera, sopo akukwera, mchere ukukwera. Makasu atsopano onse analembedwa kuti apite ku Jenda. Anatsamiritsa tsache pakhoma, n'kulowa mu ofesi osaitanidwa, kansanza ka Okutobala wa chaka chatha kali m'manja.

"Bwana, ndapota, lole iyi isapite yopanda makasu."

A Kachingwe sanadzutse ngakhale mutu. "Mayi, makinawa sanama. Chaka chatha mwezi ngati uno, a ku Euthini sanagule khasu ngakhale limodzi."

"Akanagula bwanji, bwana, makasuwo kunalibe? Makina anu akudziwa amene anagula. Amene anabwerera ndikuwadziwa ndine."

Anamasula kansanza kaja. Zitsekerero makumi anayi ndi zitatu zinamwazika patebulo, zina n'kugwera pansi. Chilichonse chinali ulendo wa munthu amene anapalasa njinga kuchokera ku Euthini kudzafuna makasu, n'kubwerera wopanda.

Bwana uja anati, "Chabwino, pakirani theka. Koma makasuwo akabwerera, musadikirenso kutha kwa mwezi."

Dyness sanafune kudikira nkhani pakhonde. Anakwera yekha pamwamba pa katundu, n'kumeza fumbi njira yonse. Atafika, mwini golosale woyamba anaona mitolo ya makasu n'kuyamba kutsitsa yekha asanapereke ngakhale moni. Pogolosale yachitatu makasu anali atatha, ndipo wachinayi anatsala akukangana ndi dalaivala.

Atabwerera, dalaivalayo, a Enos Nkhata, anangoti, "Bwana, tinapakira ochepa chomene."

A Kachingwe anachotsa chitenje pakompyuta paja, n'kukoka mpando. "Khalani apa, mayi Shaba. Zonse zili m'zitini zanuzo, auzeni makinawa."

"Yewo, bwana. Koma ine ndinalephera JC."

"Makinawanso alephera, kodi simunaone?"

Anayamba ndi chala chimodzi, akulakwitsa, akufufuta, thukuta lili kamukamu. Zinamutengera miyezi isanu kuti azolowere. Chaka chitatha, palibe lole imene inkatuluka pageti Dyness asanaone pepala lake. Makalaliki aja anapatsidwa aliyense chitini chake, ndipo za bawo sanazitchulenso.

Inu amene mwapatsidwa tsache pamene anzanu apatsidwa cholembera, inu amene mwauzidwa kuti makina abwera ndipo simukufunikanso, musathamangire kulongedza. Pamene mwaimapo pali chimene mukuona inu nokha. Chisungeni, ngakhale akusekeni zaka zinayi. Mtima wanu usagwe, pitirizani kuponya chitsekerero m'chitini.